Mtengo wa Magnolia ndi Mpeni wa Wosadza

Mwezi uno ndifuna kulankhula nanu za mtengo wa kutali, umene ambiri a ife sitinakhalepo pa mthunzi wache. Dzina lache ndilo magnolia. Kapena wina adzati, Aphunzitsi, tiri nayo mitengo yathu, mango ndi malalanje ndi mibawa. Tiolokerenji nyanja kukafuna mtengo wachilendo? Ndiyankha chotere: mango ndi mtengo wopirira. Muutema ndi chikwanje monga mufuna, ndipo chaka chamawa waphukanso ngati simunauchite kanthu. Chifukwa chache sutiphunzitsa kusamala. Koma magnolia suiwala bala msanga, ndipo m'menemo ufanana ndi mtima wa munthu.

Musanapitirire, tsegulani Yohane mutu 15, muwerenge ndime 1 kufikira 8. Pamenepo Ambuye adzifanizira ndi mpesa, natiyesa ife nthambi, ndi Atate mwini munda. Mudzaona kuti mpeni wa mwini munda sufikira nthambi yosabala yokha, koma ufikiranso yobala. Tsono palibe Mkristu amene mpeni umlambalala. Ndipo ife makolo, akulu a Mpingo ndi aphunzitsi, tapatsidwa kugwira kampeni kakang'ono m'munda wa Mwiniwache. Tiyeni tione m'mene alimi odziwa augwirira pa mtengo uwu wosakhululukira dzanja losasamala.

1. Za mtengowo

Mitundu ya magnolia iposa 200. Kwao kweni kweni ndiko ku America ndi ku maiko a kum'mawa kwa Asia, monga China ndi Japan. Dzinali linaikidwa m'chaka cha 1703 ndi Charles Plumier, pofuna kulemekeza Pierre Magnol, mphunzitsi wa za zomera wa ku Montpellier m'dziko la France.

Mitunduyi tiigawe pawiri. Ina siyoyola masamba chaka chonse. Wotchuka mwa iyo ndi wa kumwera kwa United States. Utalika kupitirira mamita 20, masamba ache ngolimba ndi onyezimira pamwamba, ofiirira pansi, ndipo duwa lache loyera ndi lonunkhira likula ngati mbale, nthawi zina kufikira masentimita 30. Ina iyoyola masamba m'nyengo yozizira, nichita maluwa pa nthambi zopanda tsamba pamene kuyamba kufunda. Wotere ndi yulan, umene anthu a ku China aulima zaka zoposa 1,000. Cha m'ma 1820 Étienne Soulange-Bodin, amene kale anali mkulu wa asilikali a pa akavalo m'nkhondo za Napoleon, anakwatitsa yulan ndi mtundu wina m'munda wache kufupi ndi Paris, ndipo mtengo umene unabadwa pamenepo wafala m'minda ya maiko ambiri. Munthu wa lupanga anasanduka munthu wa khasu ndi mpeni wosadzira, monga Yesaya analosera za masiku a mtendere.

Mitundu yonseyi igwirizana pa chinthu chimodzi: siifuna kudulidwa kwambiri. Mabala ache apola mochedwa, ndipo chibvundi chilowa msanga pa bala lalikuru. Mlimi wanzeru aufikira mtengo uwu ndi mpeni kamodzi kamodzi, ndipo asanadule ayamba wauzungulira ndi kuupenyetsetsa.

2. Asadza mtengo ukali waung'ono

Nchito yaikuru ya wosadza ichitika m'zaka zoyamba, pamene nthambi ziri ngati chala. Wofuna mtengo wautali asankha nsonga imodzi yolunjika kumwamba kuti ikhale thunthu, ndipo ikatuluka ina yopikisana nayo, aifupikitsa kapena aichotsa. Atero chifukwa nsonga ziwiri zokula pamodzi zipanga mphanda yopapatiza, ndipo khungwa lipanikizika pakati pao, kotero kuti ziwirizo sizilumikizana zolimba. Zaka zipita, mphandayo ioneka yabwino. Koma tsiku lina mphepo yaikuru idza, ning'amba mtengo pakati. Achotsanso nthambi zouma, zodwala, zothyoka, ndi zimene zipingasana ndi kukhulana kufikira khungwa lisupuka. Ndipo pa mtengo womezanitsidwa achotsa mphukira zotuluka pansi pa pomezanitsa, pakuti ndizo za tsinde lakale, ndipo zikalekedwa zilanda chakudya cha mtengo wabwino.

Pa mtengo waung'ono zonsezi zichitika ndi kampeni, ndipo bala litsekeka posachedwa. Koma nthambi yomweyo ikalekedwa zaka 20 ifuna macheka, nisiya bala lalikuru limene mwina silidzatsekeka konse.

Makolo athu anati, M'mera mpoyamba. Inu atate ndi amai, mwana wanu wa zaka zisanu akanama bodza laling'ono, museka, nimuti, Ngochenjera mwanayu. Akabwera ndi dzira la nkhuku ya eni, mukazinga osafunsa kumene lachokera. Imeneyo ndi nthambi ya ngati chala. Mau awiri ofatsa akadaichotsa. Koma muileka, ndipo pamene mwanayo ali ndi ndebvu mubwera kwa akulu a Mpingo ndi misozi, nimuti, Tithandizeni. Pamenepo nchito yasanduka ya macheka. Ndipo penyani za nsonga ziwiri: mwana amene aona atate wache apemphera pa Sabata, koma pakati pa mlungu amenya amai ache, akula ndi mitima iwiri. Adzaimirira zaka zambiri, koma tsiku la mphepo adzang'ambika pa mphanda pomwepo.

3. Asadza pa nyengo yache

Ku maiko a kumpoto kuzizira kufika m'miyezi ya December, January ndi February, ndipo kutentha m'miyezi ya June, July ndi August. Mitengo yambiri ya zipatso ya kumeneko isadzidwa m'nyengo yozizira, iri m'tulo. Munthu wosadziwa ayesa kuti magnolia nawonso utero, nalakwa kawiri. Choyamba, magnolia woyoyola masamba ukadulidwa pakutha pa kuzizira, pamene madzi a mtengo ayamba kukwera, bala lichucha masiku ambiri, ndipo lichedwa kupola. Chachiwiri, mtengowo ukonzeratu maluwa ache m'nyengo yotentha ya chaka chapita, nuwasunga pa nsonga za nthambi m'timitu totsekeka ta ubweya. Wodula nsongazo m'nyengo yozizira ataya maluwa amene sanawaone. Chifukwa chache alimi adikira kufikira maluwa atatha ndi masamba atakhwima, kuyambira pakati pa nyengo yotentha kufikira isanayambe kuzizira. Koma mtundu wosayoyola masamba ausadza pamene uyamba kuphuka, kuzizira kutatha. Mpeni ndi umodzi, koma mtengo uli wonse uli ndi nyengo yache.

Mlaliki mutu 3 utiphunzitsa kuti kulankhula kuli ndi nthawi yache, ndi kukhala chete momwemonso. Mau oona onenedwa pa tsiku lolakwika achuchitsa mtima. Mkazi amene waika mwana wache m'manda dzulo, lero si tsiku lomkumbutsa kuti sanapereke chopereka cha mwezi. Munthu woledzera simumdzudzula ali ndi chipanda m'manja, dikirani m'mawa. Mnyamata amene walakwa, ndipo manyazi amgwira kale, mumtima mwache muli kamutu kotsekeka ka kulapa kamene inu simukaona. Mukamfikira ndi ukali tsiku lomwelo mudula duwa lisanatseguke. Ndipo anthu sali amodzimodzi. Wina afuna kumuuza msanga ndi poyera pa maso pache. Wina afuna kuti mukhale naye pakhonde masiku atatu musanatchule mlandu.

4. Asadza pang'ono pang'ono

Pali anthu amene aona mtengo wa magnolia wakula kufikira kutseka zenera, natenga macheka, nadula mutu wache wonse tsiku limodzi. Ayesa kuti athetsa bvuto, koma alichulukitsa. Mtengo wolandidwa masamba ambiri uchita njala, pakuti masamba ndiwo aupangira chakudya. Ndipo m'kuopsedwa kwache utulutsa mphukira zambiri zoongoka ngati mabango, zothamangira kumwamba. Mphukira zimenezi zimera pamwamba pa mtengo pokha, sizizika m'kati mwa thunthu, zithyoka msanga, ndipo zichedwa kuchita maluwa. Maonekedwe okoma a mtengo aonongeka, ndipo m'zitsa zotsalazo chibvundi chiyamba kutsika.

Alimi odziwa sachotsa koposa limodzi la magawo anai a nthambi zamoyo m'chaka chimodzi, ndipo kawiri kawiri achepetsapo. Mtengo wolekereredwa aukonza zaka ziwiri kapena zitatu: chaka chino nthambi zouma ndi imodzi yoipitsitsa, chaka chamawa zina. Pa mtundu wosayoyola masamba ambiri aleka nthambi za m'munsi kuti zifike pansi, pakuti zichinjiriza mizu ku dzuwa. Mizu ya magnolia njofewa ndipo iyenda pafupi ndi pamwamba pa nthaka. Saikumbira ndi khasu, koma aifunditsa ndi masamba obvunda.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Pamene ndinali mphunzitsi watsopano, m'kalasi la ofuna ubatizo munali mnyamata wanzeru, woimba bwino, koma wamwano ndi wochedwa masiku onse. Ndinasunga zolakwa zache mumtima miyezi yambiri osanena kanthu. Tsiku lina anaseka pakati pa pemphero, ndipo ndinamuimiritsa pamaso pa anzache onse, ndi kumuwerengera zonse, za chaka chonse, kufikira ndi za atate wache. Zimene ndinanena zinali zoona, ndipo ndinapita kunyumba wokondwa kuti ndagwira nchito ya Mulungu. Mnyamatayo sanabwerenso. Posakhalitsa ndinamva kuti ndiye atsogolera onyoza Mpingo pa bwalo, ndi nzeru zomwe zija ndi mau okoma omwe aja. Ndinali nditadula mutu wa mtengo, ndipo mphukira zoongoka zinatuluka. Patapita zaka zambiri ndinapita kwao kukapepesa. Anandilandira ndi ulemu, nandipatsa mpando, nandibwerezera mau anga a tsiku lija limodzi limodzi, amene ine mwini ndinawaiwala kale. Zoonadi, imaiwala ndi nkhwangwa, koma chitsa sichiiwala. Kufikira lero sanalowe m'nyumba ya Mulungu, ndipo ndimpempherera.

Akulu anzanga, pamene tikhala pa mlandu wa mbale, tikumbukire kuti Paulo m'kalata wa kwa Agalatiya mutu 6 atilamulira kubweza wolakwa ndi kufatsa, ndi kudziyang'anira tokha. Ndipo m'kalata wachiwiri wa kwa Akorinto mutu 2 achenjeza Mpingo kuti usapitirize chilango, kuopa kuti chisoni chingammize munthuyo. Tisafune kuongola moyo wonse wa munthu pa msonkhano umodzi.

5. Kudula kwache, ndi za bala

Nthambi yaikuru ikayenera kuchoka, wosadza saidula kamodzi. Akayamba pamwamba pafupi ndi thunthu, kulemera kwa nthambi kuigwetsa asanatsirize, ndipo ipita nalo khungwa, nisenda thunthu kufikira m'munsi. Chifukwa chache adula katatu. Poyamba acheka pansi pa nthambi, patali ndi thunthu ngati masentimita 30, osapyoza. Kachiwiri acheka pamwamba, patsogolo pang'ono, kufikira nthambi igwa; ndipo kusendeka kwa khungwa kulekeza pa mcheko woyamba uja. Kachitatu achotsa chitsa chotsala. Pamene nthambi ilumikizana ndi thunthu pali kakhosi kotupa. Adula kunja kwa kakhosiko, osakabvulaza, pakuti mnofu watsopano wotseka bala uchokera pamenepo. Akadula mopalira thunthu, bala likula. Akasiya chitsa chachitali, chibvunda ndi kulowetsa nthenda. Chipangizo chikhale chakuthwa, ndipo achitsuke atadula nthambi yodwala, kuti chisatengere nthenda ku mtengo wina.

Kale alimi anapaka phula kapena utoto pa bala, ndi kuthira simenti m'mphako, poyesa kuti ateteza mtengo. Koma m'zaka za m'ma 1970 Alex Shigo, wofufuza za nkhalango wa boma la United States, amene anang'amba mitengo yambirimbiri kuti aone za m'kati mwache, anaonetsa kuti mtengo supola monga thupi la munthu. Umanga malire m'kati mwache kuzinga pobvulalapo, kuti chibvundi chisapitirire, ndipo kunja ukulitsa mnofu watsopano. Phula sililetsa kubvunda; nthawi zina lisunga chinyezi, ndipo zoononga zikula mobisika pansi pache. Lero alimi adula bwino, nasiya bala poyera kuti liume.

Taonani m'mene Ambuye anaikira dongosolo la kudzudzula pa Mateyu mutu 18: poyamba inu awiri nokha, pamenepo ndi mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo potsiriza pokha Mpingo. Uku ndiko kudula katatu, kuti khungwa la munthu, ndilo ulemu wache pakati pa anzache, lisasendeke chabe. Ndipo musiye kakhosi: podzudzula mbale musaononge chikondi chimene chimlumikiza ndi Mpingo, pakuti kupola kudzachokera pomwepo. Mpeni wanunso ukhale wotsuka. Munthu wodzudzula ndi nsanje, kapena ndi mkangano wa malire a munda mumtima, aika nthenda yache m'bala la mnzache.

6. Mtengo wa ku Washington

Pafupi ndi khomo la kumwera la White House, nyumba ya mtsogoleri wa United States mumzinda wa Washington, panali mtengo wa magnolia wotchuka koposa. Mbiri ya pakamwa imati Andrew Jackson anaubzala pokumbukira mkazi wache Rachel, amene anamwalira mu December 1828, mwamuna wache atasankhidwa koma asanalowe m'nyumbayo. Chithunzi cha mtengowo chinali pa ndalama ya pepala ya madola 20 kuyambira 1928 kufikira 1998.

Mtengowo unakula ndi mathunthu atatu otuluka pa tsinde limodzi. Cha m'ma 1970 limodzi linathyoka, ndipo linachotsedwa, nilisiya mphako yaikuru. Osamala mtengo anadzaza mphakoyo ndi simenti, monga mwa nzeru ya masiku aja, ndipo anachita ichi ndi mtima wabwino. Koma chibvundi chinapitirira m'kati. Mu 1981 anachotsa simentiyo, naimika mzati ndi zingwe za chitsulo kuti zigwire mtengo. Zaka zambiri alendo anaona masamba obiriwira ndi maluwa oyera, osadziwa kuti zingwe ndizo ziuimiritsa. Mu December 2017 anadula mbali yaikuru ya mtengowo, ndipo mu April 2025 anaugwetsa wonse, poopa kuti ungagwere anthu. Pamalo pache anabzala kamtengo kobadwa mwa iwo.

Abale, alipo Akristu otere, ndipo ilipo mipingo yotere. Tchimo lachitika, bala latseguka, ndipo m'malo mwa kuliulula tithiramo simenti. Tinena, Tisachititse manyazi banja, munthuyu ndi mkulu, apereka zambiri, tiphimbe. Kunja kuli kosalala, m'kati mubvunda. Pambuyo pache munthuyo aimirira ndi zingwe zokha: udindo wache, malaya ache oyera, mantha a anthu. Davide pa Salmo 32 asimba kuti masiku amene anabisa tchimo lache thupi lache lomwe linafota, ndipo mpumulo unadza pamene anaulula. Bala losiyidwa poyera pamaso pa Mulungu liuma. Lophimbidwa lidya mwini wache. Koma onaninso chifundo: pamene mtengo wakale unagwa, mwana wache anabzalidwa pomwepo. Iwo amene asamala kamtengoko ali nayo nthawi imene sanakhale nayo pa kholo lache, ndipo ife tiri nayo nthawi yomweyo pa ana athu.

Mau otsiriza

Tsono ndinena ndi iwe amene uli pansi pa mpeni wa Atate mwezi uno, amene wataya mbeu, kapena nchito, kapena thanzi, kapena dzina labwino. Sindidzanena kuti tsoka liri lonse ndi chilango; Ambuye mwini anakana chiphunzitso chotere pa munthu uja wobadwa wosaona. Koma ichi ndidziwa: mlimi sataya nthawi yache pa mtengo wa kuthengo. Asadza umene anaubzala yekha, umene ayembekeza maluwa ache, ndipo pa nthawi yakusadza ndipo ali pafupi nao koposa, dzanja lina ligwira nthambi, lina mpeni. Ahebri mutu 12 abvomereza kuti kulangidwa kuwawa pa nthawi yache, ndi kuti chipatso chidza m'tsogolo. Magnolia wofesedwa ku mbeu utha kukhala zaka 10 kapena kuposa usanaonetse duwa loyamba, ndipo mwini munda saudula chifukwa cha kuchedwako.

Ndipo ife ogwira kampeni, tisanafike kwa mbale kapena kwa mwana, tidzifunse mafunso anai. Kodi ndafika msanga, kapena ndasunga mlandu kufikira wakula? Kodi lero ndi nyengo yache? Kodi ndidula chimodzi chofunika, kapena ndifuna kutha zonse chifukwa cha mkwiyo wanga? Kodi mpeni wanga ngotsuka? Tikalephera kuyankha, tibweze mpeni m'chimake, tiyambe tapemphera.

Atate, Mwini munda, tisadzeni ife poyamba. Tiphunzitseni kufika msanga, kudula pang'ono, ndi kusaphimba chimene Inu mufuna kuchiza, kuti nthambi iri yonse imene mwatisungitsa ikhalebe mwa Mwana wanu Yesu Kristu. Amen.